KASITIMA KA M'MUNDA WA MALUWA KAMENE KANAPUSITSA MUDZI

Wolemba: Mlangizi wa Malimidwe

Tsiku lina m'mwezi wa July, titatha msonkhano wa kasungidwe ka cimanga m'mudzi wina wa ku Balaka, anthu sanafune kubalalika msanga, cifukwa kunali kacisanu ndipo dzuwa linalikukoma. Tsono ndinatulutsa foni kuti ndiwaonetse kanema amene mlamu wanga ananditumizira kucokera ku Mangalande, kumene alikugwira nchito yosamala okalamba. Pansi pa kanemayo mlamuyo anangolemba kuti, "Alamu, muonere mpaka kumapeto."

Anthu anaunjikana. Tinaona sitima yobiriwira irikutuluka m'mphanga ya m'phiri, nthunzi iri tolo, irikukoka mabogi anai. Inaoloka mlatho wa citsulo, inadutsa nkhosa zirikudya m'mbali mwa phiri, nkukaima pa siteshoni. Pakati pathu panali agogo ena amene anagwira nchito ya njanji ali mnyamata, masiku a sitima za malasha. Iwo anasendera pafupi, nachera khutu, nati, "Imeneyo ndiye sitima, ana inu. Tamvani m'mene irikupumira pokwera mtunda. Yalemedwa imeneyo."

Asanatseke pakamwa, kuseri kwa phiri kunatulukira mphaka. Msinkhu wace unaposa nyumba ya siteshoni. Analumpha mlatho uja monga munthu alumpha mzere wa mbatata, nakhala pa njanji nayamba kunyambita mwendo. Mai wina anakuwa. Mwana wina anafunsa ngati amphaka a ku Mangalande amalingana ndi njobvu. Pomwepo dzanja la munthu linatsika kucokera kumwamba ndi kunyamula mutu wa sitima uja monga tinyamulira citsononkho.

Bwalo lonse linafa nako kuseka, koma agogo aja sanaseke ai. Anthu atacepa anandiitana pambali nati, "A Mlangizi, ine ndakalamba ndi njanji, ndipo maso anga sanandicititsepo manyazi. Ngati kanthu aka kandinamiza lero pamaso pa adzukulu, mawa ndidzakhulupirira ciani?" Ndinalonjeza kuti ndidzafufuza. Mlamu wanga anakafunsa mwini kasitimako, mkulu wina wopuma pa nchito amene amakhala nyumba yoyandikana ndi yace, ndipo inenso ndinawerenga zimene ndinatha kupeza. Zimene ndinaphunzira ndi izi.

KASITIMAKA NKOTANI?

Ku Mangalande, ku Germany, ku America ndi maiko ena kuli anthu, ambiri a iwo akuluakulu a imvi, amene amayala tinjanji m'kamunda ka maluwa ka kuseri kwa nyumba zao. Sapezapo ndalama ai. Ndi masewera ao, monga ena akonda bawo kapena kuweta nkhunda.

Kuti mumvetse kucepa kwace, taganizani za njanji yathu ino, imene inafika ku Blantyre m'caka ca 1908 ndi ku Salima mu 1935. Pakati pa zitsulo zace ziwiri pali mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndiwo mamilimita 1,067. Koma pa njanji zambiri za m'munda pali mamilimita 45 okha, kufanana ndi zala ziwiri kapena zitatu zogundana. Ndiye kuti njanji yathu iriposa kameneka pafupifupi ka 24. Tinjanji tina ntocepa koposa apo, ta mamilimita 32.

Tisitimati tiri mitundu iwiri. Tina timayenda ndi magetsi, a m'njanji kapena a batire. Mtundu umenewu unafala kwambiri kuyambira 1968, pamene kampani ya Lehmann ya ku Nuremberg ku Germany inayamba kugulitsa tisitima tochedwa LGB, topangidwa kuti tipirire dzuwa ndi mvula. Kalikonse pa tisitima timeneti kanacepetsedwa ka 22 ndi theka. Mtundu wina ndi wa moto weniweni. M'kati mwa kamutu muli kathanki ka madzi, pansi pace payaka moto wa gasi kapena wa sipiriti, ndipo madzi akawira nthunzi imakankha mikono yoyendetsa magudumu monga momwe zinkacitira sitima za malasha. Kakamwa madzi kamodzi kamayenda mphindi 20 kapena 30, ndipo mwana akakagwira kamamuocha. Okonda mtundu umenewu ku Britain amatsanzira kawirikawiri tinjanji topapatiza ta ku mapiri a ku Wales, ndipo anayambitsa bungwe lao mu 1977. Pa muyeso wao, phazi limodzi la sitima yeniyeni likhala mamilimita 16.

Malo ochuka kwambiri a zoterezi ndi Bekonscot, m'tauni ya Beaconsfield, kumadzulo kwa London. Anayambitsa ndi Roland Callingham, munthu wowerengera ndalama za makampani. Nkhani imakambidwa kuti akazi ace anatopa ndi tisitima todzaza m'nyumba, namuuza kuti asankhe pakati pa tisitimato ndi iwo. Bamboyo anatulutsa tisitima panja, namanga tinyumba, timasitolo ndi timacalici m'mbali mwa njanji, mpaka unakhala mudzi wathunthu wa tinyumba tofika m'maondo. Anatsegulira anthu mu 1929, ndipo mu 1934 kunabwera mwana wa cifumu Elizabeth, amene pambuyo pace anadzakhala Mfumukazi. Phindu la ndalama zolowera limapita ku nchito zothandiza osowa.

Kuyala njanji yotere si nchito yacilendo kwa mlimi. Malo ayenera kukhala osalaza, cifukwa kasitima ka nthunzi kakapeza citunda kamaima, ndipo kakapeza materezi kamathamanga ndi kugwa pokhota. Cotero amayeza nthaka ndi cingwe ndi levulo, monga ticitira ife poika akalozera m'munda. Pansi pa mitanda ya njanji amathira timiyala kuti madzi a mvula asakhazikike. Adani ao ndi mizu ya mitengo, udzu, masamba ogwa, nkhono, ndi cisanu ca kumeneko cimene cimaumitsa madzi m'nthaka ndi kutukula njanji.

SITIMA NDI KAMERA NDI ABWENZI AKALE

Cizolowezi cojambula sitima cinayamba pamodzi ndi kanema yemwe. Mu 1896 anthu a ku France anaonetsedwa kanema wa abale awiri a banja la Lumière, wosakwana mphindi imodzi, woonetsa sitima irikufika pa siteshoni ya La Ciotat. Anthu amasimba kuti oonera anathawa m'mipando poopa kupondedwa, ngakhale akatswiri a mbiri amakaika ngati zinaterodi. Mu 1897 ojambula a ku America anamangirira kamera kutsogolo kwa sitima yolowa m'mphanga ya Haverstraw, ndipo oonera anamva ngati iwo omwe ndiwo alikuuluka pamwamba pa njanji. Tsono agogo athu a ku Balaka sali oyamba kudabwitsidwa ndi sitima ya pa cinsalu.

Ngakhale kanema wa ana wa sitima yochedwa Thomas, amene anayamba kuonetsedwa ku Britain mu 1984, anajambulidwa ndi tisitima ta pa njanji ya mamilimita 45 yomweyi. Ojambulawo anali ndi kamera ya khosi lopindika, kuti diso lace lifike pansi penipeni pambali pa njanji. Anacita zimenezi mpaka 2008, ndipo kuyambira 2009 zithunzizo zinayamba kupangidwa pa kompyuta. Koma iwo ankajambulira m'nyumba, mopanda mphepo, mitambo kapena mphaka. Munthu wa m'munda ali ndi nchito yoposa pamenepo, ndipo zinsinsi zace ndi izi.

COYAMBA: GWADANI PANSI

Munthu akaimirira ndi kuloza kamera pansi, cimene ajambula ndi cidole basi. Aona madenga a mabogi, ndipo palibe munthu amene amaona denga la sitima yeniyeni ali pa siteshoni. Diso lathu linazolowera kuti cinthu cacikulu timaciyang'ana cokweza mutu. Cotero kamera iyenera kukhala pa msinkhu wa kamunthu kamene kakadaima pambali pa njanjiyo. Munthu wa msinkhu wa mita imodzi ndi masentimita 70, mukamcepetsa ka 22 ndi theka, atsala masentimita 7 ndi theka, kutalika kwa cala ca mkomba-phala. Pamenepo ndi pamene diso la kamera liyenera kukhala.

Ncifukwa cace mwini kasitima uja amagona cafufumimba pa udzu ngakhale ali wokalamba. Ojambula ndi foni amaizondotsa, mutu pansi, kuti diso lace liyandikire nthaka, ndi kuitsamiritsa pa njerwa kapena pa kathumba ka mcenga. Kugwira ndi manja sikuthandiza. Dzanja likanjenjemera pang'ono pokha, pa kanema zimaoneka ngati cibvomezi cagwedeza dziko lonse.

CACIWIRI: CEPETSANI LIWIRO

Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Kasitima kakathamanga monga kangathere, kamaoneka ngati khoswe wothawa m'nkhokwe. Tiyeni tiwerengere. Sitima yoyenda makilomita 30 pa ora imadutsa mamita 8 ndi pang'ono pa sekondi imodzi. Tikagawa ndi 22 ndi theka tipeza masentimita 37, ndiko kucokera pa cigongono kufika pa nkhonya. Kasitima kakapitirira pamenepo pa sekondi imodzi, bodza lagwidwa.

Koma pali bvuto lina limene kuyendetsa pang'onopang'ono sikungathetse. Zinthu zazing'ono zimagwedezeka ndi kugwa mofulumira kuposa zazikulu. Bango likathothoka mu mtengo wa mamita 5, limatenga pafupifupi sekondi imodzi kuti lifike pansi. Tsono pangani kamtengo kocepa ka 25, ka masentimita 20. Kambewu kogwa m'menemo kafika pansi m'gawo limodzi la magawo 5 a sekondi. Diso likaona kugwa kofulumira cotero limadziwa pomwepo kuti mtengowo ngwaung'ono. Ndi cimodzimodzi kupendama kwa kabogi pokhota, kukwera kwa nthunzi, ndi kugwedezeka kwa masamba.

Mankhwala ace ali m'mapangidwe a kanema. Kanema ndi zithunzi zambiri zoima zimene zimasinthana msanga, 24 pa sekondi imodzi ku nyumba za kanema, ndi 30 m'mafoni ambiri. Wojambula akauza kamera kuti itole zithunzi 120 pa sekondi, ndiyeno nkuzionetsa 24 pa sekondi, zonse zimacedwa kasanu. Kambewu kaja tsopano katenga sekondi yathunthu kuti kagwe, monga bango lenileni. Lamulo la akatswiri ndi lakuti cinthu cocepa ka 25 acicedwetse ka 5, cocepa ka 16 acicedwetse ka 4, cocepa ka 9 acicedwetse ka 3. Pojambula motere kasitima amakathamangitsako, podziwa kuti kanema adzakabweza. Mafoni ambiri a masiku ano ali nayo njira imeneyi, ndipo ngakhale kucedwetsa kawiri kokha kumapatsa kabogi ka pulasitiki ulemu wa bogi lodzaza fodya.

CACITATU: ZONSE ZIONEKE BWINO

Ikani cala pafupi ndi mphuno ndi kuciyang'anitsitsa. Mudzaona kuti mitengo ya kutali yacita cimbuuzi. Kamera nayonso iri comweco. Ikayandikira kwambiri, mutu wa sitima umaoneka bwino koma bogi laciwiri ndi lacitatu acita mbuu. Pa sitima yeniyeni, imene timaiona tiri patali, zonse zimaoneka bwino kuyambira mutu mpaka mcira. Motero cimbuuzi cimeneci cimaulula kuti cinthuco ncacing'ono.

Pofuna kucipewa, wojambula amasendera m'mbuyo pang'ono ndi kukoka cithunzi, osati kukankhira kamera pamphuno pa sitima. Amafunanso kuwala kokwanira, cifukwa pamene pali kuwala kamera imacepetsa kabowo kolowera kuwalako, monga mwana wa diso acepa masana, ndipo kabowo kakacepa zinthu za pafupi ndi za patali zimaoneka bwino pamodzi. Pa nkhani imeneyi foni ndi tikamera tating'ono timaposa makamera akuluakulu odula, ndiye wosauka asadandaule.

CACINAI: SANKHANI NTHAWI

Dzuwa la paliombo ndi mdani. Limawalitsa utoto ngati galasi ndi kudetsa pansi pa mabogi kuti magudumu asaoneke. Nthawi yabwino ndi m'mawa, madzulo, kapena tsiku la mitambo yopyapyala. Nthunzi nayo iri ndi nthawi yace. Monga mpweya wa m'kamwa umaoneka m'mawa wa June koma osaoneka mu October, nthunzi ya kasitima imaoneka bwino kukazizira. Mkulu uja anajambula kanema wace m'mawa wa cisanu, dzuwa liri kuseri kwa nthunzi ndipo kumbuyo kuli mpanda wa masamba akuda. Ndico cifukwa kathanki kosadzaza kapu ya tiyi kanatulutsa mtambo umene unakhutiritsa munthu wodziwa njanji.

CACISANU: YANG'ANANI KUMBUYO

Wojambula watsopano amayang'ana sitima yokha, ndipo akamaonera pambuyo pace apeza kuti m'cithunzi mwalowa ndowa, mpanda wa matabwa, zobvala za pa cingwe, ndi nsapato zace zomwe. Wozolowera amayamba wagona pansi ndi kuyang'ana zonse zimene ziri kumbuyo kwa njanji, nacotsa cosayenera ciri conse.

Apa ndi pamene ulimi umalowa. Tsamba lalikulu limodzi likhoza kuononga zonse, pakuti pambali pa kasitima limaoneka ngati denga la nyumba. Cotero eni njanjizi amabzala zomera za masamba ang'onoang'ono. Ndere zimakhala ngati msipu, tizitsamba tonunkhira toyanga pansi timakhala ngati thengo, ndipo timitengo ta mtundu wa mkungudza tosakula amatidulira nthambi za m'munsi kuti thunthu lioneke ngati la mtengo wakale. Nchito yotengulira imeneyi imatenga zaka.

Cinthu cimodzi cokha cimene sangacicepetse ndi madzi. Dontho la madzi liri ndi msinkhu wace umodzi, kaya ku nyanja kaya m'supuni. Dontho la mame pa denga la kabogi limaoneka ngati mtsuko. Moto ndi nyerere ziri comweco.

KUKWEZA KAMERA PA SITIMA

Mbali ya kanema imene ana anaikonda koposa ndi pamene tinaona ngati takwera sitimayo. Pamenepo kamera yaing'ono, ya msinkhu wa bokosi la macesi, imamangidwa pa kangolo kopanda mpanda. Zofunika kusamala ziripo zingapo. Kangolo kakhale kolemera m'munsi, apo ai kadzagubuduka pokhota. Pansi pa kamera aikepo kasiponji kuti kamwe kunjenjemera. Asanayambe, akankhe kangoloko ndi dzanja njanji yonse, kuona ngati kamera ikwana m'mphanga ndi pansi pa milatho, cifukwa ambiri anaswa makamera pa khomo la mphanga. Tikamera tambiri totere sitiona bwino cinthu cimene ciri pafupi kuposa phazi limodzi, ndiye amaika kangolo kena kopanda kanthu pakati pa kamera ndi mutu wa sitima. Ndipo popeza kamutu ka nthunzi kamalabvula madzi osakanizika ndi mafuta, diso la kamera alipukute ulendo uli wonse.

Akatha kujambula amalumikiza zidutswa. Cidutswa ciri conse cikhale cacifupi, masekondi 5 kapena 10: sitima irikubwera, magudumu pafupi, za pa ulendo, ndiyeno mcira ulikulowa m'mphanga. Ngati sitima yayamba kuyenda kucokera kumanzere kupita kumanja, isasinthe, kuopa kuti woonera angayese yabwerera. Motero njanji yozungulira kamunda kosaposa bwalo la nyumba imaoneka ngati ulendo wa ku Salima.

Cotsiriza ndi mau. Kasitima kali ndi kaphokoso kace kocepa, ndipo mphepo imakaphimba. Mkulu uja anabvomera kwa mlamu wanga kuti kupuma kumene tinamva kunali kwa sitima yaikulu yeniyeni, kumene anakujambula pa njanji ina yosungirako sitima zakale ndi kukuphatika pa kanema wace. Tsono makutu a agogo athu sanalakwe. Anamvadi sitima yolemedwa irikukwera mtunda.

TINAYESA IFE TOMWE

Kuno tiribe tisitima totere, koma tiri ndi anyamata opanga magalimoto a mawaya. Mwana wa mlongo wanga, wa zaka 12, ali ndi lole ya mawaya ya magudumu a zitsekero za mabotolo. Ndinamuuza kuti tiyese nzeru za mkulu wa ku Mangalande.

Ulendo woyamba ndinajambula ndiri ciriri, dzuwa liri pamutu. Cimene cinatuluka ndi mwana alikusewera pabwalo, osati kanthu kena. Ulendo waciwiri ndinamangirira foni pa loleyo ndi mphira. Mnyamatayo anati, "Amalume, katunduyu wakwera kwambiri, igwa." Ine sindinamvere. Pa gulaye woyamba lole inagubuduka, ndipo galasi la foni yanga liri ndi mng'alu pa ngodya mpaka lero. Mwanayo sananene kanthu, koma nkhope yace inanena zonse.

Ulendo wacitatu tinadekha. Tinadikira dzuwa lipendeke. Tinasesa kanjira, tinacotsa masamba a mango, ndi kusankha malo amene kumbuyo kwace kuli culu ndi thambo lokha. Tinacotsa ciwongolero cacitali ndi kumanga ulusi wakuda kutsogolo. Foni ndinaizondotsa ndi kuitsamiritsa pa cidutswa ca njerwa, ndi kuichera kuti icedwetse. Mnyamata anakoka ulusi ali kunja kwa cithunzi. Titaonera tinangoti kukamwa yasa. Mawaya analikuonekabe kuti ndi mawaya, koma loleyo inabwera mwaulemu, irikupendama uku ndi uku ngati yasenza matumba a nandolo, pfumbi lirikukwera pang'onopang'ono m'mbuyo mwace, ndipo culu cija cinasanduka phiri. Kenaka nkhuku inalowa m'cithunzi, ndipo tinapeza mphaka wathu ifenso.

YANKHO KWA AGOGO

Nditabwerera ku mudzi uja ndinawafotokozera agogo zonsezi, ndi kuwaonetsa lole ya mawaya. Anapempha kuti aonenso kanema wa sitima, ndipo anamuonera katatu osalankhula. Ulendo wacitatu anayamba kuloza ndi cala. "Taonani masamba a mtengo uwo, ngakhale ngocepa, alingana ndi zenera la bogi. Taonani madzi a pansi pa mlatho, mafunde ace ngonenepa. Nkhosa izo sizinaweramutse mutu ciyambire. Ndipo pa njanji yonseyi palibe dontho la mafuta akuda ngakhale limodzi." Anandibwezera foni nati, "Mwana wanga, maso anga sananame. Ndinafulumira ndine. Kuona maso a nkhono nkudekha."

Mau amenewa ndi amene ndifuna kukusiyirani, owerenga athu. Mkulu wa ku Mangalande sanafune kubera munthu, ndipo ncifukwa cace anasiya mphaka ndi dzanja lace kumapeto kuti tiseke naye pamodzi. Koma nzeru zomwezi akhoza kuzigwiritsa nchito munthu wofuna ndalama zanu. Masiku ano zithunzi za mbuzi, nkhumba, mbewu ndi minda yogulitsa zimayenda pa mafoni tsiku ndi tsiku. Cimanga cogwiridwa pafupi ndi diso la kamera cimaoneka cotalika ngati mkono. Kambuzi kojambulidwa munthu atagwada kamaoneka ngati tonde. Mizere khumi ya cimanga cabwino, kamera ikaikidwa pansi, imaoneka ngati ekala. Kamera siinama, koma imaonetsa cokhaco cimene mwini wace waiuza, kucokera pamene iye waiika. Akulu anati cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere.

Cotero mukaona cithunzi cokopa, funani cinthu cimene mudziwa msinkhu wace: khasu, bokosi la macesi, citseko, kapena munthu woima pambali penipeni pa cinthuco, osati kumbuyo kwace. Ngati palibe, pemphani cithunzi cina, ndipo ngati nkhani iri ya ndalama, pitani mukaone ndi maso musanalipire. Inunso potumiza kwa mlangizi cithunzi ca mbozi kapena ca tsamba lodwala, ikani kamtengo ka macesi pambali pace, kuti iye adziwe ngati alikuona kambozi kongoswa kumene kapena mbozi yokhwima.

Ndipo inu anyamata a magalimoto a mawaya, bwerekani foni kwa akulu anu mwaulemu, sesani kanjira, dikirani madzulo, gwadani pansi. Koma foniyo musaimangirire pamwamba pa lole. Amene adzayesa alembere Mkonzi kutiuza m'mene zayendera.